Moto wa pansi ndi umodzi, koma Ataifa atisiya kutali

Magetsi azimanso kuno ku Mzuzu, ndiye ndisiyeni ndilankhule. Ku Chiweta, m'mbali mwa msewu wa M1 womwewu, madzi amatumphuka pansi ali otentha usana ndi usiku. Ife timangoima, kujambulitsa, n'kukweranso basi. Koma mukawoloka mtsinje wa Songwe kulowa m'Tanzania n'kukwera chaku Tukuyu, mupeza Ataifa ali kalikiliki kufufuza kutentha komweko pa phiri la Ngozi kuti apange magetsi. Boma lawo linachita kukhazikitsa kampani yoona zokhazo basi.

Chikundiwawa n'chakuti ng'anjo yake ndi imodzi. Pansi pa tonsefe pali miyala yotentha imene akatswiri amati mantle. M'chigwa chathu chino dziko likung'ambika pang'onopang'ono, ndipo kutenthako kumapeza njira m'ming'alu. Mng'alu womwewo ndi umene unakumba nyanja yathu mpaka mamita pafupifupi 700, ndi umenenso unagwetsa nyumba ku Karonga mu Disembala 2009. Ife tinalandirapo zivomerezi, anzathu akufunapo ndalama.

Pa dayamondi pokha ndiwagonjera, koma asadzitame, ndi mwayi chabe. Pakati pa Tanzania pali chimwala chakalekale, cha zaka zoposa 2.5 biliyoni, chimene muzu wake wozizirirapo unazama makilomita pafupifupi 200. Dayamondi amapangika kuya kopitirira makilomita 150, ndipo chiphalaphala chotchedwa kimberlite ndicho chimamukwezera pamwamba. N'chifukwa chake mu 1940 katswiri wa miyala John Williamson anamupeza ku Mwadui. Ife tinakhala pa miyala imene inapanikizika n'kupindika m'mphepete mwa zimiyala zoterezi. Pamenepo palibe nduna yoti tiyiloze chala.

Komatu mantle sanatimane. Phiri lawo la Ol Doinyo Lengai limalavula chiphalaphala chotchedwa carbonatite mpaka lero, alendo n'kumalipira kukaliona. Mapiri athu amtundu womwewo anaphulika zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, n'kutisiyira miyala ya rare earth (yofunika popanga maginito ndi mafoni) ku Kangankunde ku Balaka ndi ku Songwe Hill ku Phalombe (osati Songwe wa pamalireyu ayi). Kangankunde anadziwika kale nthawi ya atsamunda, abale anga, koma nkhani yake yakhala ya "posachedwa" mibadwo yonseyi!

A ku Zambia sindiwatchula n'komwe, kopa wawo anayamba kumudya kalekale. Ataifa mu 2018 anazinga mpanda migodi ya mwala wamtengo wapatali wa tanzanite ku Mirerani kuti mwala usatuluke mozemba. Aquamarine, mwala wamtengo wapatali wa ku Mzimba kwathu kuno, amangochoka m'matumba a jekete, wokumba n'kutsala ndi ya sopo.