Wodina si wogula ayi

Alembi, mwati ubwino wa Google Ads, kotsatsira malonda kwa anthu ofufuza zinthu pa Google, ndi woti umalipira pokhapokha munthu akadina malonda ako, zoona, koma mwasiya kunena kuti wodina si wogula. Ine ndimakonza mafoni ku Area 25 kuno ku Lilongwe ndipo ndinaziyesa izi. Ndinangoika mawu oti "phone repair" basi, dera osasankha, ndiye anthu ankadina ali ku Mzuzu, ena ku Blantyre, ena akungofuna sukulu yophunzitsa kukonza mafoni, ine ndalama ikungodyeka, pa benchi panga osabwera ndi foni imodzi yomwe. Wopusa ndinali ine ndemwe.

Mphwanga ndi amene anandionetsa ma negative keywords, umalembamo mawu ngati "free", "course", "jobs" kuti ofufuza zimenezo asakuone n'komwe. Deranso mumalichepetsa, makilomita ochepa kuzungulira shopu, ndipo musankhe anthu amene alidi m'deramo osati ongolifufuza ali kutali. Komanso si kuti wolipira zambiri ndiye amakhala pamwamba pa zotsatira za Google nthawi zonse, Google imaonanso ngati malonda ako ndi peji yako zikugwirizana ndi zomwe munthu wafunsa.

Amene muli ndi ma lodge ku Mangochi kapena ku Salima yesani, alendo amafufuzadi pa Google asananyamuke. Koma amayi a kaunjika, makasitomala anu ali pa WhatsApp status. Yambani mwaika shopu pa Google Maps, izo ndi zaulere.