Ntchito ina imafuna kuisiya kaye

Anzanga a m'maofesi, pali nkhani imene yakhala ikundidya mumtima, ndipo lero ndati ndiilembe. Tonse tinakula ndi mwambi uja wakuti zengerezu adalinda kwaukwau. Ndi woona, sindikutsutsa. Koma tinauonjezera mchira mwambiwu, mpaka munthu aliyense amene wadzuka pa mpando ntchito isanathe timamuona ngati waulesi. Amene wamatirira pa kompyuta kuyambira 8 koloko mpaka dzuwa kulowa, osadzuka ngakhale kukamwa madzi, ameneyo ndiye timamutcha wolimbikira. Ine pamenepa ndikukana. Ntchito zambiri zimene ndinagwira bwino zinatheka chifukwa ndinazisiya kaye mwadala.

Ine ntchito yanga ndi ya maakaunti. Kumapeto kwa mwezi wina lipoti langa linakana kugwirizana, mbali ya zolowa ndi ya zotuluka zimasiyana ndi 36 basi. Ndinalondola mzere uliwonse ndi chala pa sikirini, kuchoka pamwamba mpaka pansi, kenako kuyambiranso. Maola atatu anatha. Maso anayamba kulasa, khosi linauma gwa, ndipo manambala anayamba kuoneka ofanana onse. Pamapeto pake ndinatenga kapepala, ndinalemba kuti "zolowa ndaona zonse, zatsala zotuluka, kusiyana ndi 36", ndinakamata pa kompyuta n'kutuluka panja. Ndinasamba kumaso, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono kuzungulira nyumba ya ofesiyo. Sindinali kuganiza za lipoti, ndimangoona mbalame zimene zinali pa waya. Ndili pakati pa ulendo wachiwiri wozungulira, chinthu chinangoti tulukiru m'mutu: 36 amagawika ndi 9. Aliyense amene anaphunzira zowerengera ndalama amadziwa kuti kusiyana kukamagawika ndi 9, nthawi zambiri pali nambala imene manambala ake asinthana malo. Ndinabwerera, ndipo pasanathe mphindi zisanu ndinapeza kuti pamene panayenera kukhala 584 panalembedwa 548. Lamulo limeneli ndinalidziwa zaka zambiri, koma maola atatu aja mutu unali utapanikizika moti silikanatha kutuluka.

Si ine ndekha. Henri Poincaré, katswiri wa masamu wa ku France, anafotokoza yekha mmene analimbanirana ndi funso lina lovuta kwa masiku ambiri, kenako anachoka ku Caen kumene ankakhala n'kupita pa ulendo wokaona miyala ndi nthaka. Za masamu anaziiwala. Ali ku Coutances, atangoponda pa sitepe ya ngolo yonyamula anthu kuti akwere, yankho linamubwerera lathunthu. Chimene chimandisangalatsa pa nkhaniyi n'chakuti sanasiye kucheza ndi anzake kuti ayambe kulemba pomwepo. Anapitiriza ulendo, ndipo atabwerera ku Caen m'pamene anakhala pansi n'kutsimikiza kuti yankholo linali lolondola. Mu 1926, Graham Wallas wa ku England analongosola kuti nzeru yatsopano imadutsa m'magawo anayi: kukonzekera, kufungatira, kutulukira, ndi kutsimikiza. Gawo lachiwirilo, lofungatira ngati nkhuku pa mazira, ndi limene maofesi ambiri alibe nalo malo. Timafuna dzira liikiridwe m'mawa, masana mwanapiye akhale akuyenda.

Koma apa ndiye pamene pagona nkhani, ndipo ndikupempha mundimvetse, chifukwa wina awerenga izi n'kukagona tulo tamasana akuti akufungatira. Nkhuku siifungatira chisa chopanda mazira. Kusiya ntchito mwadala kumagwira pokhapokha ngati waiyamba kaye. Uiwerenge, uigwiregwire, ulembe ngakhale ndime imodzi yosalongosoka, ufike pamene pakukuvuta, ndiyeno uisiye. Mu 1927 Bluma Zeigarnik, amene ankachita kafukufuku wa za maganizo a anthu ku Berlin, anapatsa anthu tintchito tosiyanasiyana, tina n'kuwadukiza asanamalize. Atawafunsa pambuyo pake, anapeza kuti ankakumbukira kwambiri tintchito tosamalizato. Inunso mukudziwa zimenezi, ntchito imene mwaiyamba simachoka m'mutu, imakutsatirani mpaka ku bafa. Pamene ntchito imene simunaitsegule n'komwe, chimene chimakutsatirani ndi mantha okha. Amene akuthawa fayilo chifukwa choiopa, ndi amene waitseka ataiwerenga n'kunena kuti ndidzabwerera 2 koloko, onse awiri ukawaona ali panja, koma zimene zikuchitika m'mitu yawo n'zosiyana kwambiri.

Ine ndimadziyesa ndi funso limodzi. Kodi ndingatchule ola limene ndibwererenso? Ndikatha kutchula, ndiye kuti ndaimika. Ndikayamba kunena kuti "ndiona", "nthawi ina", "ndikamva bwino", ndiye kuti ndi zengerezu uja wa mwambi, ndipo ndimadzikakamiza kukhala pansi n'kuyamba ngakhale kwa mphindi 10.

Za kupuma kwa pakati pa ntchito, ambiri munamva za njira ya Pomodoro. Anaiyambitsa ndi Francesco Cirillo wa ku Italy chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ali wophunzira pa yunivesite, pogwiritsa ntchito kawotchi ka kukhitchini kooneka ngati tomato. Umagwira ntchito mphindi 25, kupuma 5, ndipo ukachita kanayi umapuma nthawi yotalikirapo. Kwa ntchito zotopetsa zobwerezabwereza, monga kulowetsa malisiti mu kompyuta, njirayi imandithandiza kwambiri. Koma pa ntchito yofuna kuganiza mozama, mphindi 25 kwa ine zimachepa, belu limalira ndikungoyamba kutenthedwa. Pamenepo ndimapita mpaka ola limodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo chimene chimandiuza kuti nthawi yakwana ndi thupi. Ndikaona kuti ndawerenga chiganizo chimodzi katatu osamva kanthu, ndimadziwa kuti ndangotsala chithunzi pa mpando.

Chinthu chimodzi chimene ndimalimbana nacho ndi anzanga ndi foni. Abale, kuchotsa maso pa sikirini yaikulu n'kuwaika pa yaing'ono si kupuma. Mutu umene umafuna mpata kuti usanje zinthu mumaudzazanso ndi nkhani za anthu ena, mikangano ya pa Facebook, mauthenga a m'magulu a WhatsApp, ndipo mumabwerera ku ntchito muli otopa kuposa poyamba. Kupuma kwenikweni ndi kudzuka, kudziongola, kuyang'ana patali, kumwa madzi, kuyenda. Mu 2014 Marily Oppezzo ndi Daniel Schwartz a pa yunivesite ya Stanford anapeza kuti anthu ankatulutsa maganizo atsopano ambiri akamayenda kusiyana ndi atakhala pansi, ngakhale pamene ankayendera pa makina m'chipinda atayang'ana khoma. Choncho simufunika malo okongola. Khonde la ofesi likukwanira.

Palinso ntchito ina imene ndimaichedwetsa nthawi zonse, ndipo sindinanong'onezepo bondo: kuyankha imelo imene yandipsetsa mtima. Ndimailemba yankho lonse mmene mtima ukufunira, koma malo a dzina la wolandira ndimawasiya opanda kanthu, kuopa kuti chala chingapulumuke. Ndimaisunga mpaka mawa. M'mawa ndikaiwerenga, theka la mawu ndimafufuta ndekha, ndipo kawirikawiri ndimapeza kuti mnzangayo sanatanthauze zimene ndinamva dzulo. Ubale wa pa ntchito umene unatenga zaka kuti umangike ukhoza kugwa ndi ndime imodzi yolembedwa ndi mkwiyo.

Ndivomereze kuti si zonse zoyenera kudikira. Ngati pali munthu amene akuyembekezera siginecha yanu kuti alandire malipiro ake, sainani lero. Ngati kasitomala waima patsogolo panu, m'thandizeni. Kanthu kamene kangathe m'mphindi ziwiri, kuchita n'kosavuta kuposa kukasunga m'mutu tsiku lonse. Kuchedwetsa kumene ndikunena n'kwa ntchito zofuna nzeru ndi chiweruzo, ndipo kuyenera kuchitika mkati mwa nthawi imene mwapatsidwa. Lipoti likafunika Lachisanu, liyambeni Lolemba kuti mukhale ndi Lachitatu lolisiya. Mukaliyamba Lachinayi usiku, mpata wofungatira mulibe, mwangotsala ndi liwiro.

Tsopano kwa inu mabwana, ndikulankhula mwaulemu koma mosabisa. Ndinagwirapo ntchito pamalo ena pamene abwana ankayenda m'makonde kuwerenga mipando yopanda anthu. Zotsatira zake, anthu anaphunzira kuoneka otanganidwa. Ankatsegula mafayilo ambiri, nkhope zili khwinya, koma ntchito yeniyeni inkayenda ngati kamba ndipo zolakwika zinkachuluka madzulo aliwonse. Munthu ankaopa kudzuka ngakhale mutu utaima. Zinkandiwawa kuona anthu anzeru akuzimiririka chonchi. Henry Ford, amene palibe angamunene kuti ankakonda ulesi, mu 1926 anachepetsa masiku ogwira ntchito m'mafakitale ake a galimoto kufika pa asanu pa sabata, maola 40, ataona kuti kuchulutsa maola sikuchulutsa zotuluka. Ngati zinali choncho kwa anthu omanga galimoto ndi manja, nanga bwanji kwa amene chida chawo ndi mutu? Yesani ntchito ya munthu poona zimene wabweretsa pa tebulo panu ndi nthawi imene wazibweretsa. Mukamuona akuyenda panja 11 koloko, manja ali m'thumba, musafulumire kumulembera kalata.

Panopa ndili ndi bajeti ya chaka chamawa imene ikufunika sabata ikubwerayi. Ndaiyamba lero m'mawa, ndafika pa gawo la ndalama zokonzetsera zipangizo, ndipo pali china chimene sichikundikhala bwino ngakhale sindinachigwire kuti n'chiyani. Ndalemba pa kapepala pamene ndalekezera, ndatseka fayilo. Ndiitsegulanso mawa 9 koloko.