Laputopu yakale ija musaitaye, ikhoza kukhala seva ya makanema pakhomo

Maganizo anga ndi awa: amene akufuna media server pakhomo koma m'thumba muli mopepuka asathamangire kugula Raspberry Pi (kakompyuta kakang'ono ka bolodi imodzi) kapena NAS (bokosi la madisiki lolumikizidwa ku netiweki). Atulutse laputopu yakale imene yangokhala m'kabati, ndalamazo azisungire ma hard drive.

Kwa amene nkhaniyi ndi yachilendo, media server ndi kompyuta imodzi yosungamo makanema, nyimbo ndi zithunzi za banja lonse, ndipo aliyense amaonera pa foni kapena pa TV kudzera pa Wi-Fi. Kanemayo amangochoka pa laputopu, kudutsa pa rauta, n'kufika pa foni, zonse m'nyumba momwemo. Bandulo yanu siikhudzidwa. Ngakhale intaneti ithe pakati pa mwezi, ana aonerabe makatuni awo.

Magetsi athu tonse tikuwadziwa. Kompyuta ya desktop ikathima mwadzidzidzi ili mkati molemba pa disiki, mafayilo amatha kuonongeka, ndipo kugula UPS (batire yogwirizira kompyuta magetsi akathima) ndi ndalama inanso. Laputopu inabwera kale ndi batire yake. Imadyanso magetsi pang'ono: tiyerekeze kuti ikukoka mawati 10 usana ndi usiku, pa masiku 30 ndi mayunitsi 7.2 basi. Apa musamale posankha disiki. Yaing'ono ya mainchesi 2.5 imatenga moto pa USB, choncho magetsi akathima imapitirira limodzi ndi laputopu. Yaikulu ya 3.5 imafuna soketi yakeyake, ndipo imathima nthawi yomweyo.

Kaya skrini inasweka, kaya mabatani ena sagwira, zilibe kanthu, chifukwa mukamaliza kuikonza muziiyendetsa kuchokera pa foni. Microsoft inasiya kuthandizira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo makompyuta ambiri akale sangalandire Windows 11 chifukwa alibe kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Amenewo ndi amene tikuwafuna. M'malo mwa Windows, ikanimo Debian kapena Ubuntu Server, mitundu yaulere ya Linux. Mu fayilo ya logind.conf lembani HandleLidSwitch=ignore kuti isamagone mukatseka chivindikiro, ndipo muilumikize ku rauta ndi chingwe, osati Wi-Fi.

A Raspberry Pi andikhululukire. Kabolodiko n'kabwino, koma mukawerengera chaja, kabokosi kake, memory card ndi zotumizira kuchokera kunja, mtengo wake sukhalanso wa munthu wosauka. Chinanso, Pi 5 ilibe chipangizo chapadera chosinthira kanema kuti agwirizane ndi foni imene ikuonera. Ma processor a Intel akhala ndi chipangizo chotere, chotchedwa Quick Sync, kuyambira 2011, ndipo a m'badwo wa 7 kupita m'tsogolo amatsegula bwinobwino ngakhale makanema opanikizidwa m'njira yolemera ya HEVC 10-bit. Core i5 yakale ya mu ofesi imaiposa Pi pa ntchito imeneyi.

Pa pulogalamu yoyendetsera sevayo, pakati pa Jellyfin ndi Plex, ine ndili mbali ya Jellyfin. Plex ndi yokongola, sindikana, koma mu April 2025 anakweza mtengo wa Plex Pass (umembala wawo wolipira) ya moyo wonse kuchoka pa $119.99 kufika pa $249.99, ndipo kuonera makanema akoako uli kutali ndi nyumba anayamba kulipiritsa. Imafunanso akaunti ya pa intaneti. Jellyfin inachokera ku pulogalamu ina yotchedwa Emby mu 2018, ndi yaulere, ndipo maakaunti amakhala pa laputopu yanu yomweyo. Mukaiika, lembani adiresi ya laputopuyo pa browser, kumapeto kwake muonjezere :8096, mwalowa. Ana apatseni akaunti yawo yoona foda ya makatuni yokha.

Tsopano pamene ndimalimbana napo ndi anzanga ambiri. Munthu amagula disiki imodzi ya 4TB n'kuthiramo zonse. Ine ndikuti bola awiri a 2TB. Filimu ya ku Hollywood ikatayika mudzaipezanso. Nanga vidiyo ya chinkhoswe cha achemwali anu, kwaya ya amayi itavala yunifomu, zithunzi za agogo amene anatisiya? Zambiri mwa izi zili pa DVD imodzi yokalikakalika, ndipo amene anajambula anafufuta kalekale. Zikopereni pa disiki yoyamba, kenako pa yachiwiri. Yachiwiriyo muziilumikiza pokopera pokha, mukatha muichotse n'kukaisunga kwina, ngakhale kwa achibale. Mphenzi kapena wakuba sasankha disiki ngati onse ali pa shelefu imodzi.

Ngati mukugula disiki yogwirapo kale ntchito, musangomvera za wogulitsa. Ilumikizeni pomwepo, tsegulani pulogalamu yoyezera disiki ya CrystalDiskInfo kapena smartctl, muone maola amene yagwira ntchito ndi reallocated sectors (tizigawo ta disiki timene tinaonongeka n'kusinthidwa). Nambala yachiwiriyi ikapitirira ziro, ibwezeni. Muyang'anenso batire ya laputopuyo: ngati yatupa mpaka kukankha touchpad, ichotseni musanaisiye pa moto tsiku lonse.