Lekani kuwotcha makalata a makolo anu m'makina a lamination

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Loweruka lapitali mng'ono wanga watulukira kunyumba kuno ku Dedza akumwetulira, chikwatu chili m'khwapa, akuti: "Achimwene, taonani, makalata a agogo aja ndawasamala, sadzaonongekanso." Nditatsegula mtima unangoti myuu. Mwanayu watenga maenvelopu onse amene malemu agogo athu ankatumiza ali ku Joni ndi ku Salisbury (Harare wa lero), wapita nawo pa kashopu kena ka fotokope pa boma, wakawapangitsa lamination. Onse, osasiyako ngakhale imodzi. Ali gwa, akunyezimira, m'mbali mwake modulidwa bwino ndi sizasi.

Pali ina ya mu 1958. Sitampa yake ndi ya nthawi ya Chitaganya, yolembedwa Rhodesia & Nyasaland, nkhope ya Mfumukazi Elizabeth ili pamenepo. Chidindo cha Salisbury chikuwerengeka bwinobwino, kumbuyo kuli chidindo china cha DEDZA cha tsiku limene inafika. Mkati mwa envelopu imeneyi muli kalata. Wa pamakina uja sanaitulutse, anangoimatira momwemo. Mukaiyang'anitsa kudzuwa mukuona mizere ya inki ya dzanja la agogo, koma palibe munthu adzaiwerengenso popanda kudula envelopuyo. Ndiye mundiuze kuti kumeneko n'kusamala?

Abale anga, tamverani. Lamination sisunga kalata, imaipha. Makina aja amatenthetsa pulasitiki wokhala ndi guluu mkati, guluuyo amasungunuka n'kulowerera m'thupi la pepala. Akalowa walowa. Mukayesa kumatula, pulasitiki amachoka ndi khungu la pepala, inki, sitampa, chidindo, zonse. Ndipo nthawi ikamapita guluu yemweyo amasanduka wachikasu, pepala likuthera mkati inu mukungosirira kuwala kwa kunja. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Kaya n'kusadziwa, kaya a mashopuwa amangofuna ndalama, zimenezo ayankhe okha. Ine changa n'chimodzi: pulasitiki amene kalata singathe kutulukamo asayandikire kalata yakale. Envelopu ilowe, envelopu ituluke, ili momwe inalili. Ngati singatuluke, mwaiononga. Mungalipire ndalama zingati, mungachite ndi mtima wabwino chotani, mwaionongabe.

Sindikuti pulasitiki yense ndi woipa ayi. Osunga zinthu zakale padziko lonse amaika maenvelopu m'timatumba ta pulasitiki, koma timatumba totseguka, topanda guluu, tosafuna moto. Ndipo amasankha mtundu wake. Wabwino ndi polyester, amene ena amamudziwa ndi dzina loti Mylar kapena Melinex, kenako polypropylene ndi polyethylene. Amenewa sadontha mafuta, satulutsa asidi, pepala limangokhalamo phee. Timatumba tija toboola m'mbali toika m'mafayelo a mu ofesi, tambiri ndi ta polypropylene, ndipo mtengo wake sufika n'komwe pa umene mng'ono wanga analipira kuti atiphere makalata. Yang'anani pa paketi: mukaona zilembo PP kapena nambala 5 mkati mwa timivi titatu tija, gulani. Mukaona PVC kapena nambala 3, siyani pomwepo.

PVC ameneyu ndi mdani winanso, ndipo wadzaza m'nyumba zathu, m'zikwatu zofewa ndi m'maalubamu akale. Kuti afewe amamuthira mafuta ena pomupanga, ndiye pakapita zaka mafutawo amatuluka, pulasitiki amayamba kunanda, inki ya pa envelopu imasamukira pa pulasitikiyo. Mukatulutsa kalata mupeza adiresi yonse yatsalira pa thumba. Akamakalamba amatulutsanso asidi amene amafumbutsa pepala. Kumuzindikira sikufuna sukulu: mununkhizeni, fungo lake ndi lija la jombo zatsopano za mvula. Nawonso maalubamu a zithunzi aja okhala ndi masamba omata, musaikemo envelopu ngakhale tsiku limodzi.

Ndiye pali ena amene amagula kathumba kabwino ndithu, koma n'kukatseka pakamwa ndi selotepi, kapena kukawotcha m'mbali ndi kandulo, ati mpweya usalowe. Ndi matenda omwewo a lamination, angosintha dzina. Kuno ndi ku Dedza, anthu inu. Mu June ndi July chifunga chimatsika m'phiri mpaka pakhomo, dzinja likafika makoma a nyumba amatuluka thukuta. Kaya muli ku Bembeke, ku Lizulu kapena ku Tsangano, chinyontho mukuchidziwa. Pepala limamwa chinyontho chimenecho. Mukalitsekera m'pulasitiki lili lonyowa choncho, mwatsekera madzi pamodzi ndi kalata, ndipo alibe kotulukira. Mukadzatsegula mudzapeza timadontho tofiirira paliponse, chuku chitamera m'makona, guluu wa pa chotsekera cha envelopu atamatirira pamene sakuyenera. Siyani mbali imodzi yotseguka. Kalata ipume.

Kodi n'zovuta? Dikirani nyengo youma, cha mu September kapena October. Sambani m'manja, muume, osati manja amene angochoka pa chipisi. Tulutsani maenvelopu muwayale m'nyumba pamthunzi, osati padzuwa, chifukwa dzuwa limafufuta inki ndi mitundu ya masitampa. Chotsani mapini, mastepulo ndi timawaya topanira mapepala, popeza dzimbiri lake limadya pepala mpaka kuboola. Mphira zomangira nazo zichoke, zimasungunuka n'kukakamira. Envelopu iliyonse ikhale ndi kathumba kakekake, kokulirapo pang'ono kuti musaipinde poilowetsa. Kalata ya mkati mukafuna muifunyulule mosamala, ikhale m'kathumba kena pafupi ndi envelopu yake. Kenako muziimike chilili m'bokosi, osati kuzisanjikiza n'kuikapo sutikesi pamwamba. Bokosilo lisakhale pansi pamene chiswe ndi mphemvu zimadutsa, lisatsamire khoma lakunja, lisakhale kukhitchini kwa utsi. Timapaketi tija ta silica gel timene timabwera m'mabokosi a nsapato, ponyanimo, timathandiza kuyamwa chinyontho. Mwatha. Palibe makina, palibe moto, palibe guluu.

Ngati chimene mukufuna n'choti achibale aziona, azigwira, azipatsirana pa zinkhoswe ndi pa maliro, ijambuleni pa foni kutsogolo ndi kumbuyo, sindikizani chithunzicho, chimenecho ndiye mukachipangitse lamination kakhumi ngati mukufuna. Yeniyeniyo isiyeni.

Wina anena kuti ndi mapepala chabe, ndikukwiyiranji. Mapepala chabe? Dziko lino linayamba kukhala ndi masitampa mu 1891, a kampani ya British South Africa odindidwa zilembo B.C.A. pamwamba. Dzina la Nyasaland linabwera mu 1907, masitampa ake mu 1908. Ena a inu muli ndi aja a Mfumu George VI okhala ndi kambuku ataima pathanthwe, dzuwa likutuluka kumbuyo kwake. Chitaganya chinatha mu 1963, pa 6 July 1964 panatuluka oyamba olembedwa Malawi, ndipo mu 1971 mitengo ya pa sitampa inachoka ku mapeni ndi mashereni kupita ku tambala ndi kwacha. Envelopu imodzi imakuuzani kuti inalembedwa pansi pa boma liti, inalipiridwa zingati, inanyamuka kuti, inayenda masiku angati. Zidindo zina zimalemba NCHEU, kalembedwe kakale ka Ntcheu, boma la anzathu. Makalata oyambirira ankayenda pamutu pa amtengatenga, wapansi, ndipo mpaka lero ku Namaka, pamsewu wa Blantyre kupita ku Zomba, kuli nyumba yosungirako mbiri yawo. Azigogo athu a kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu anathera mphamvu zawo m'migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, mpaka 1974 pamene ndege inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuimitsa ulendowo. Ambiri a iwo sanasiye chithunzi, sanasiye buku. Anasiya envelopu yolembedwa dzina la mkazi wawo, la mudzi, la mfumu, ndi la sukulu kapena mishoni kumene kalatayo inkafikira. Chinthu chotero n'chopereka kwa mnyamata wa pamakina kuti achiwotche?

Ndipo inu a mashopu, munthu akabwera ndi pepala lachikasu, la zaka 60 kapena 70, pakamwa panu pamalemera chiyani kumuuza kuti "bambo, ichi sitimata"? Mumangolandira, kulowetsa, kutulutsa, kuwerenga ndalama. Inunso eni makalata, kufunsa kumakuvutani pati? Safunsa anadya phula. Koma apa phulalo tadya ndi banja lonse, ndi ana amene sanabadwe omwe.

Ndisanaiwale, pali enanso amene amandinyansa chimodzimodzi: omatula masitampa. Munthu wangomva kuti sitampa yakale ndi ndalama, basi watenga sizasi wadula pakona, kapena wanyika envelopu yonse m'madzi kuti sitampa iyandame. Sitampa wamba ya Chitaganya yogwiritsidwa kale ntchito ilipo yambirimbiri padziko, payokha singakugulireni ngakhale mulu wa tomato. Chimene osonkhanitsa amafuna ndi envelopu yathunthu, sitampa ili pamalo pake, chidindo cha positi ofesi yaing'ono yakumudzi chikuoneka, adiresi ili yonse. Inu mwadula chidindocho pakati, theka latsala pa sitampa, theka mwakolezera mbaula. Ndiye pali achibale aja amene mwambo wa maliro ukangotha amathamangira kugawana mabulangete, njinga ndi wailesi, koma sutikesi ya mapepala a malemu amakaikhuthulira kudzala, ati ndi zinyalala. Palibe ngakhale mmodzi woti ayambe watsegula aone zimene zalembedwamo.