Kamera ku Mozambique anaipatsa aluso, kwathu kuno ndi ya perekani-perekani

Ife a pa Lizulu malire ndi mseu basi, uku Malawi uko Mozambique, kabichi ndi mbatatesi n'zimodzi, chilankhulo chimodzi, ngakhale gule wamkulu a UNESCO mu 2005 anati ndi wa tonse pamodzi ndi a Zambia. Koma pa za kanema aaa tinasiyana njira kalekale.

Anzathuwa atangolandira ufulu mu 1975 boma la Samora Machel silinachedwe, linatsegula nyumba ya mafilimu yotchedwa Instituto Nacional de Cinema, n'kumatulutsa Kuxa Kanema, kafilimu ka nkhani ka mphindi 10 komwe ankakaonetsa mpaka kumidzi pa magalimoto. Chomwe chimandigwira mtima ine n'choti ntchitoyi sanangoisiyira atolankhani. Ruy Guerra, wobadwira ku Maputo koma wotchukira ku Brazil, anabwerera kwawo kudzajambula. Jean Rouch wa ku France anadzaphunzitsa anthu kugwira tikamera ta Super 8 pa yunivesite ya Eduardo Mondlane, ndiye cha mu 1978 kunafikanso katswiri wina wopanga mafilimu, Jean-Luc Godard, ndi maganizo oti anthu wamba apatsidwe makamera a vidiyo azidzijambula okha TV isanayambe n'komwe. Zakezo zinathera m'malere, koma tangoganizani boma kukhala pansi kumvetsera munthu wa maganizo otero. TV yawo yoyeserera inayamba mu 1981.

Nanga ife? Nthawi ya Kamuzu TV kunalibe, inadzabwera mu 1999, a Zambia akuonera kuchokera 1961. Chomwe tinali nacho ndi lamulo losefa mafilimu la 1968 ndi galimoto ya a zofalitsa nkhani yomwe inkaima pabwalo la sukulu madzulo kuonetsa za ulimi ndi maulendo a Ngwazi.

Sindikuti kutsidyako kunali ku paradaiso ayi. Kuxa Kanema inali mawu a Frelimo, nkhondo inawononga zambiri, nyumba ya mafilimu ija inapsanso mu 1991. Komabe anasiya anthu odziwa kuti wogwira kamera ali ndi diso lake, si waganyu.

Ine ndimajambula maukwati ndi ziliza, ndi momwe ndimapezera ndiwo. Chaka chatha mu June ndinalawirira pamsika nkhungu ili mbuu, ndikujambula amayi akuunjika mbatatesi m'ndowa, zazikuluzikulu pamwamba monga mukudziwira, wina akuwotha manja pa moto wa makatoni, kondakitala akukuwa Balaka Balaka. Sindinaikemo wofotokoza, phokoso la msika lomwelo. Nditapita nayo ku TV ina m'tauni bambo wina anaionera theka n'kufunsa kuti akulu, ndi bungwe liti likulipira nthawiyi, nanga a DC akuyankhula pati? Ndinangotenga fulashi yanga.

Chonsecho Samson Kambalu, Mmalawi mnzathu yemwe chiboliboli chake cha John Chilembwe chinaima pa Trafalgar Square ku London mu 2022, timafilimu take tatifupitifupi ta Nyau Cinema azungu amationera m'nyumba za zaluso. Akanatibweretsa kuno bwenzi akumufunsa za a DC zomwezo.

Loweruka lino ndili ndi ukwati kwa Tsangano. Eni ake anena kale kuti perekani-perekani yense alowe osadula, azakhali aliyense aoneke akuponya ndalama.