Wodwala wokana kudya: kwathu kuno ndi ku Joni

Mwezi wathawu mwana wa mchemwali wanga, mtsikana wa zaka 19 wa kuno ku Ntcheu, anakomoka akuchokera kumjigo. Kuchipatala china anamuyeza HIV, TB ndi shuga, osapeza kanthu, ndipo atamuika diripi imodzi anatiuza kuti popeza ndi wamkulu ndipo wakana yekha kugonekedwa, tibwerere naye kumudzi tikamuphikire phala. Komatu phalalo ndiye gwero la nkhani yonse, chifukwa mwanayu amabisa nsima n'kukaitaya kudzala, ndipo amadziona wonenepa pamene nthiti zake zikuwerengeka. Matendawa amatchedwa anorexia, ndi a m'maganizo, ndipo amapha ndithu pofooketsa mtima.

Chimene chandipweteka ndi zimene anandifotokozera msuweni wanga wa ku Johannesburg. Ku South Africa lamulo la matenda a m'maganizo la 2002 limalola wachibale kulemba pempho loti wodwala amene nzeru zake sizikumulolanso kudzisankhira chithandizo, ndipo moyo wake uli pangozi, agonekedwe ngakhale akukana. Akatswiri awiri amamuyeza, amasungidwa maola 72 akumuwunika, kenaka bungwe loyima palokha limaona ngati kumusungabe kuli koyenera, ndipo wodwalayo ali ndi masiku 30 ochita apilo. Kumeneko kukakamiza kuli ndi malire ake ndi woyankhapo. Kwathu kuno, kumene lamulo la atsamunda la 1948 linatitsogolera zaka zoposa 70, banja limangodziwa njira ziwiri: kumuonerera mwana akutha ngati kandulo, kapena kumumanga ndi zitenje n'kumukweza galimoto ya ku Zomba, kuchipatala cha matenda a m'maganizo.

Ndivomere kuti ku Joni si kumwamba. Zipatala zawo za boma n'zodzaza, ndipo Mmalawi wopanda mapepala amayamba waopa kufunsidwa kwawo asanafike n'komwe pa dokotala. Ndivomerenso kuti kulowetsa chubu cha chakudya m'mphuno mwa munthu amene akulira n'kukana si chinthu chochita mopepuka, ndipo munthu amene wakhala nthawi yaitali osadya akapatsidwa chakudya chambiri mwadzidzidzi, mchere wa m'magazi umasokonekera mpaka mtima kuima. Koma chifukwa chomwecho ntchitoyi ndi ya m'chipatala, momwe angamuyeze magazi pafupipafupi, osati ya agogo ndi chipande.

A ku Zambia nawonso anasintha lamulo lawo mu 2019. Za anzathu a ku Mozambique sindingawatame kwambiri, pakuti zipatala zawo zazikulu za matenda a m'maganizo zili ku Maputo ndi ku Nampula, kutali kwambiri ndi Angonia, dera lawo lochita malire ndi Ntcheu, kusiyana ndi mmene Zomba yatalikira kwa ife.

Pano malume ake a mwanayu akuti amudutsitse msewu pa Lizulu, apite naye kwa sing'anga wa kutsidyako ku Mozambique. Ine ndakana, ndipo Lolemba ndibwerera naye kuchipatala kukafunsa namwino wa matenda a m'maganizo, amene tsiku lija palibe anatiuza kuti tikamuone.