Chenjezo: Musiyeni mphaka alere ana ake

Zimene ndinaona Lamulungu lapitali pakhomo lina kwathu kuno zandisowetsa mtendere mpaka lero. Mphaka wawo anaswa ana anayi kuseri kwa matumba a chimanga. Sabata isanathe n'komwe, ana a pakhomopo anali atatulutsa tianato n'kutiika m'beseni pakhonde. Uyu akukoka mwendo, uyo akujambula pafoni. Make akulira, akuzungulira beseni lija. Akanyamula kamodzi kuti akabise, mwana wamulanda. Akuluakulu ali pamkeka pomwepo, akungoseka. Mapeto ake mphaka uja anakanda kamtsikana padzanja, bambo ake n'kudzambatuka, kumugenda ndi chikuni. Ati mphakayo walusa. Walusa chifukwa cha ndani?

Inu amayi amene munaberekapo, tandiuzani. Munthu atalowa m'chikuta n'kukunyamulirani khanda kuti akaseweretse panja, mungamuombere m'manja? Nanga bwanji mukuganiza kuti chiweto chilibe mtima wa uchembere?

Kamwana ka mphaka kamabadwa kosaona, kosamva. Maso amatseguka pakatha sabata kapena masiku 10. Pa masabata atatu oyambirira thupi lake silisunga kutentha, n'chifukwa chake timaunjikana pamimba pa make usana ndi usiku. Inu n'kukaika pasimenti, chisanu cha mu June? Ngakhale kukodza ndi kuchita chimbudzi sikatha pakokha, mpaka make akanyambite kumimba ndi kumbuyo. Mwamulandatu, ndiye muzikanyambita ndinu?

Mphaka akaona kuti pamene waswerapo pafika manja ambiri, amasamuka. Amaluma mwana pakhosi mosamala, kamwanako n'kungoti lende, ulendo. Mmodzimmodzi, usiku, mpaka onse atha. Mukamulondanso, asamukanso: kudenga, m'nkhokwe, pansi pa galimoto, pamulu wa njerwa. Pa maulendo amenewa ndi pomwe wina amagwa, wina kutsalira, wina kukumana ndi galu. Wa pakhomo paja anawasamutsa katatu m'masiku awiri. Lero atsala awiri. Eni ake akuti mphakayo ndi wosasamala ana. Manyazi mulibe?

Ndiye pali ena inu a "tipatseniko kamodzi, makoswe ativuta." Kamwana ka masabata awiri mwakakulunga m'nsalu, mwapita nako. Kakagwira khoswe uti, mano kalibe? Mukafika uko mukapatsa mkute ndi mkaka wa ng'ombe, mawa katsegula m'mimba, mkuja kafa, inu n'kumati amphaka a masiku ano ndi ofooka. Kamphaka kamayamba kulawa chakudya pa masabata anayi, ndipo sikayenera kuchoka kwa make masabata 8 asanakwane. Kusaka kumene mukufunako amaphunzitsa ndi make yemweyo. Amawabweretsera mbewa yakufa, kenako yamoyo, n'kukhala pambali kuwayang'ana akulimbana nayo. Mukufuna mlenje koma sukulu yake mwaitseka.

Chakudya mumamumana, ati adzidyera makoswe. Woyamwitsa ana anayi akhute khoswe mmodzi? Akaba usipa pathandala, chikuni. Madzi akumwa, olo m'chigoba, palibe. Kwinaku mwathira tameki m'nyumba momwemo, osaganiza kuti khoswe wodya poizoniyo amugwira ndi mphaka wanu, iye n'kufa, ana n'kutsala akulira m'katoni mpaka mawu kutha. Ena akaona kuti wafooka amamumwetsa Panado. Panado amapha mphaka. Anakuuzani ndani kuti mankhwala a munthu ndi a chiweto chilichonse?

Koma chimene chimandiwawa koposa ndi ichi cha thumba. Munthu wamkulu, wa mutu wake, Lamulungu amavala jekete kupita kutchalitchi, kutenga tiana tamoyo, kutimangira m'thumba n'kukaponya mumtsinje kapena m'chimbudzi chokumba. Make amatha masiku akununkhiza ngodya iliyonse, akuitana, mawere atatupa ndi mkaka. Usiku akalira pawindo mumati ndi ufiti. Mfiti ndani pamenepa, amene akufunafuna ana ake kapena amene wawataya? Ndipo zonsezi mumachita ana anu akuona. Mukuwaphunzitsa chiyani?

Ngati simufuna ana a mphaka, mumadikira chiyani? Bere lake ndi la miyezi iwiri yokha, amatha kutenga bere asanakwanitse miyezi 6, ndipo amatenganso lina akadayamwitsa. Madokotala a ziweto alipo, amatseka mphaka kuti asaswenso. Ku Lilongwe kuli LSPCA, ku Blantyre kuli BSPCA, mabungwe osamalira ndi kuteteza ziweto. Kufunsa kokha kwakuvutani, koma thumba ndiye simusowa.

Kamtsikana kaja anangokapaka mchere pabala, nkhani yatha. Mphakayo sanabayidwepo katemera chibadwire. Chiwewe si cha agalu okha, abale anga, mphaka nayenso amafalitsa, ndipo zizindikiro zikayamba kuoneka palibe chipatala chingachize. Bala lotere limatsukidwa ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako mwana kuchipatala tsiku lomwelo. Ndinawauza. Anandiyankha kuti ndi kabala kakang'ono, agogo musade nkhawa.

Letsani ana anu, m'patseni mphakayo chakudya ndi madzi, muchoke pamene waswerapo. Ngati zimenezi zakukanikani, lekani kuweta, muzigona ndi makoswe anuwo.